Difu ya Hilux yanga ithiridwe malita angati a giya oyilo?

Funso: Akulu, ndili ndi Hilux ya D4D ya 2009 imene ndimanyamulira chimanga ndi soya kuchoka kumudzi. Sabata yatha ndinakasinthitsa oyilo wa mu difu yakumbuyo, amakaniko anaikweza kumbuyo ndi jeke nkuthiramo mabotolo anayi a lita lita. Pano tayala lakumbuyo kumanzere lanyowa oyilo chamkati ndipo buleki sikugwira ngati kale. Mnzanga yemwe ali ndi Hilux ngati yomweyi akuti yake imadya malita awiri ndi hafu basi, pomwe amakaniko akuti difu umathira mpaka ikane yokha. Olondola ndani, nanga ndizithira malita angati?

Yankho: Achimwene, tisanafike pa malita, galimotoyo musaisenzetse matumba kaye mpaka buleki yakumbuyoko itatsegulidwa. Oyilo amene mukumuona pa tayalayo wadutsa kale mu dilamu, nde kuti ma shuzi a buleki amumwa, ndipo pikapu yodzaza chimanga yomwe ikugwira buleki mbali imodzi yokha si yoti mutsike nayo pa Chiweta kapena pa Golomoti. Izi tibwereranso.

Za funso lanu, amakaniko anu sananame ponena kuti difu umathira mpaka ikane, chomwe anaphonya ndi jeke ija. Difu, magiya aja ogawa mphamvu ku matayala awiri, ilibe dipstick ngati injini, muyezo wake ndi bowo lothirira lomwe lili chapakati pa chimphika cha difucho. Pali mapulagi awiri, ina pansi yokhuthulira, ina chammwamba m'mbali yothirira, nde oyilo akuyenera kulekeza pa mlomo wam'munsi wa bowo lothiriralo, pompo basi. Mabuku a Toyota amalola kuti atsikeko osapitirira mamilimita 5 kuchokera pa mlomopo. Koma muyezo umenewu umagwira ntchito pokhapokha galimoto itaima pa levulo, matayala onse anayi ali pansi pamalo athyathyathya kapena pa piti, osati kumbuyo kuli m'mwamba mphuno ili pansi. Pa Hilux bowo lothirira limayang'ana kumbuyo, nde mukakweza kumbuyoko oyilo amathawira kutsogolo komwe kuli pinion, giya wamng'ono wolandira mphamvu yochokera ku giyabokosi, bowo lija limatsala pamwamba, inu nkumangothira nkumangothira osakana, pofika poti akane mwapyola kalekale. Mukaimika mphuno ili m'mwamba zimachitika mosemphana, oyilo amatuluka msanga nkumaoneka ngati yadzaza pomwe mkati muli ochepa. Ndipo ngati jeke yakweza mbali imodzi yokha ndiye zinanso, oyilo amatsetserekera mu chipaipi cha ekiselo cha mbali yotsikayo nkukakhala pa silu penipeni, kamphira kaja kotchinga oyilo kuti asafike ku tayala.

Za mnzanuyo, atha kukhala kuti akunena zoona za galimoto yake koma sizikutanthauza kuti ndi za yanu. Ma Hilux ooneka ofanana kunja sakhala ndi ekiselo imodzimodzi, pali a 2WD, pali a 4WD, ena ali ndi LSD yomwe imachepetsa kuterereka kwa tayala limodzi, ena ali ndi diff lock yomwe imamanga matayala onse awiri pamodzi, ena anapangidwira ku South Africa ena ku Thailand, osaiwala kuti galimoto zina za zaka zimenezi zinasinthidwapo kale ekiselo yonse ndi ya kusikilapu mwini wake wapano osadziwa. Mapikapu a msinkhu uwu kumbuyo amadya pakati pa malita 2 ndi 3.5, difu yakutsogolo ya 4WD ndi yaing'ono, imasewera cha pa lita imodzi ndi hafu. Nambala ya m'buku ntchito yake ndi kukuuzani kuti mugule mabotolo angati, komanso kukuchenjezani ngati zomwe zalowa zasiyana kwambiri ndi zomwe mumayembekezera. Ikakhala ya kuuza nthawi yosiya kuthira ndi ntchito ya bowo. Ngakhale pa galimoto imodzi yomweyo nambala imasintha, difu yomwe yaphwasulidwa nkutsukidwa imadya ochulukirapo kusiyana ndi yomwe mwangokhuthula pa pulagi chifukwa oyilo wina amatsalira m'makona ndi m'mapaipi a ekiselo. Malita anayi athunthu ndi ambiri pa Hilux yanu. Mwina analowadi onse chifukwa cha jeke ija, mwinanso botolo lomaliza silinathe nkutsala kugalajako, izo mudziwa mukatsegula pulagi.

Anthu ambiri amaganiza kuti oyilo akachuluka nde bwino, magiya asambe, olo atapyola palibe vuto poti ndi oyilo yemweyo. Ayi. Mu difu mulibe pampu. Chomwe chimachitika nchoti crown wheel, giya wamkulu uja, amamira m'munsi mwake mu oyilo, akamazungulira amamunyamula nkumamuwaza mkati monse, wina amagwera m'tinjira tomwe tinaumbidwa mu chimphikamo nkupita ku ma beringi a pinion, wina ku timagiya tating'ono tapakati. Mlingo wa bowo uja anauwerengera kuti giyayo azimira mokwanira kunyamula oyilo koma pamwamba pazitsala mpata wa mpweya. Mukapyoletsa, giya amakhala akuvundula oyilo mmalo momuwaza, amachita thovu, ndipo thovu ndi mpweya, silingateteze mano a giya omwe akukanikizana ndi katundu wa tani imodzi pamsana. Kuvundulako kumaonjezeranso kutentha, oyilo akatentha amafufuma, mpata wa mpweya kulibe, nde amasaka potulukira. Potulukira pake ndi patatu, pa breather, kotulutsira mpweya kali pamwamba, pa silu ya pinion pomwe pamalowa propshaft, chitsulo chachitali chochokera ku giyabokosi, ndi pa masilu a ku matayala. Kwa inu wasankha kumanzere.

Kuchepa nde koopsa kuposa apa, ndipo kumapha mwakachetechete. Zoyamba kuvutika ndi ma beringi a pinion chifukwa ali kutali ndi dziwe la oyilo, amadalira owazidwa uja. Mumayamba kumva kulira kwa wuuu kumbuyo mukaponda moto, mukachotsa phazi kumasintha mawu kapena kuleka, ma minibasi a HiAce ambiri oyenda mtauni mumamva nyimbo imeneyi mutakhala mpando wakumbuyo. Difu ikangoyamba kulira chonchi olo mutathira oyilo wabwino bwanji sikubwerera mwakale, mano ndi ma beringi adyeka kale, chotsala ndi kugula crown wheel ndi pinion zomwe zimagulitsidwa pamodzi ngati peya, komanso kupeza munthu wodziwa kuzitchera bwino, amene sapezeka pa galaja iliyonse.

Komano ndisakunamizeni kuti kuchuluka kwa oyilo ndiye yekhayo wolakwa pa tayala lanulo. Galimoto ya 2009 yoyenda msewu wafumbi silu yake itha kukhala kuti inali kale kumapeto, oyilo wambiri wangoimalizitsa. Nde pali breather. Yang'anani pamwamba pa ekiselo, mupeza kachitsulo kakang'ono kokhala ndi kachipewa, kachipewako kakuyenera kumagwedera mukakagwira ndi zala. Ntchito yake ndi kutulutsa mpweya difu ikatentha. Matope a dzinja akaumirapo kamatsekeka, mpweya umasowa kolowera nkukankha oyilo pa masilu olo mlingo uli bwinobwino, ndipo ndimaona anthu akusintha silu kawiri katatu nkumatukwana ma sipeya kuti ndi feki pomwe vuto ndi kachinthu koti ungomasula ndi sipanala, kutsuka ndi petulo kapena dizilo, kuuzira nkubwezera. Kakakhala kuti kadyeka ndi dzimbiri gulani kena, nkotchipa kuposa silu.

Nde chochita pano ndi ichi. Imikani galimoto pamalo a levulo, simenti ya pa filling station kapena pa piti ndi bwino kuposa pabwalo pakhomo pomwe maso amanama, kokani handbrake, ikani mugiya, tsekerani matayala ndi miyala. Hilux ndi yaitali mokwanira, mutha kulowa pansi osaikweza, ndipo chonde musamalowe pansi pa galimoto yomwe yangokhala pa jeke yokha. Idikireni izizireko ngati mwachoka patali. Pukutani dothi lonse lozungulira pulagi yothirira kuti mchenga usagwere mkati, tcherani beseni pansi, masulani. Pa ma Toyota ambiri pulagi yakumbuyo ndi ya 24, gwiritsani soketi kapena ring sipanala yokwana bwino, shifting imangobulungiza mutu. Ngati anapyoletsa oyilo atuluka yekha, musiyeni atuluke mpaka atayamba kudontha mmodzimmodzi, nde mwafika pa mlingo. Thirani wotulukayo mu botolo muone kuchuluka kwake, chimenecho ndiye chokakambirana ndi amakaniko anu. Ngati sipatuluka kanthu pisani chala chaching'ono nkuchipinda chamunsi, nsonga yake ikuyenera kukhudza oyilo pompo. Osazunguza matayala chala chili mkati.

Kenako silu yakumanzereyo isinthidwe basi, silu yomwe yayamba kutaya kawirikawiri siyisiya olo mutatsitsa mlingo. Pa Hilux beringi ya tayala lakumbuyo ili ndi girizi wakewake, oyilo akadutsa silu amatsuka girizi uja, nde poti posintha silu hafu shafuti, chitsulo chozunguza tayala, imakhala yatuluka kale auzeni ayione beringiyo, komanso kakolala kachitsulo komwe silu imatsamira, kakakhala ndi mzere wodyeka silu yatsopano idzatayanso. Ma shuzi onyowa oyilo ndi otaya. Ndikudziwa ena amawatsuka ndi petulo, ena mpaka kuwawamba pamoto kuti oyilo atuluke, koma oyilo amakhala atalowa mkati mwa lainingi, buleki ikatentha amatulukanso. Musinthe mbali zonse ziwiri kuti zizigwira mofanana, dilamu itsukidwe iume.

Tsiku lomwe muzasinthe oyilo yense, kaya nokha kaya mutaimirira pambali pa amakaniko, yambani ndi kumasula pulagi yothirira musanakhudze yapansi. Zikumveka zazing'ono koma mukakhuthula kaye kenako nkupeza kuti yammwamba yakana kumasuka, mwatsala ndi galimoto yopanda oyilo yomwe singasunthe kupita kwa owotcherera. Yendetsaniko galimoto pang'ono kuti oyilo afunde, wozizira ndi wolemera amatuluka mwaulesi nkusiya zinyalala mmbuyo. Pulagi yapansi ili ndi maginito, iyang'anitsitseni. Kaphala kotuwa kosalala mukakapekesa ndi zala nkabwinobwino, magiya amadyekako pang'onopang'ono, koma mukapeza tizidutswa tachitsulo tolasa chala kapena tonyezimira, dziwani kuti mkatimo muli chomwe chikuswekera. Pukutani, ikani washa watsopano chifukwa washa wa pulagi amaphwanyika kamodzi pomanga, wakale ndi amene amabweretsa kudontha kenako munthu nkumanga mopyola mpaka kupotola mazinga. Amene ali ndi torque wrench, mapulagi a difu yakumbuyo pa ma Toyota awa amamangidwa cha pa 49 Nm, opanda ingomangani zolimba ndi sipanala wamba osaonjezera chipaipi.

Pothira, mabotolo ambiri a lita amabwera ndi kapaipi pa chitsekerero, mumalowetsa pa bowo nkumafinya. Ngati palibe, kapaipi ka pulasitiki kautali ndi fanulo mnzanu atagwirira pamwamba m'mbali mwa galimoto zimatheka, kungoti zimafuna kudekha, kusiya mabotolo padzuwa kaye kumathandiza kuti aziyenda. Apa nde pomwe ambiri amapusitsika. Giya oyilo ndi wolemera, mukafinya mwamphamvu amaunjikana pakhomo nkubwerera pomwe sanafalikire mkati, inu nkumati yadzaza. Akabwerera koyamba dikirani mphindi zingapo, yesaninso, muona akulowabe. Mukaona kuti wakanadi, chotsani kapaipi, musiyeni wopyolayo atsike mpaka azingodontha, nde mangani. Zomathamangira kutseka pulagi oyilo akutuluka kuti mukhale ochulukirapo ndi zomwe zija takambazi. Pali galimoto zina makamaka za ku America zomwe buku limanena kuti oyilo alekeze mmunsi pang'ono mwa bowo, koma pa Hilux, HiAce, Hardbody, Isuzu KB ndi anzawo omwe tadzaza nawo kunowa, mlomo wa bowo ndiye muyezo.

Simunanene kuti anathira oyilo wanji, nde funsani kapena kaoneni mabotolo ngati alipobe. Pa botolo pakuyenera kulembedwa GL-5. Magiya a difu yakumbuyo ndi a mtundu wa hypoid, pinion imalowa chamunsi mwa pakati pa crown wheel, nde mano ake samangogubuduzana, amakhulana uku akukanikizana mwamphamvu, ndipo GL-5 ali ndi mankhwala ambiri a sulfure ndi phosphorus omwe amateteza chitsulo pamenepo, fungo lake loipa lija ndi la mankhwala amenewa. GL-4 ndi wa mu giyabokosi ya manual, mu difu ya hypoid ndi wofooka. Oyilo wa injini nde ayi ndithu olo akhale watsopano. Kulemera kwake, ya zaka zanuzi SAE 90 kapena 80W-90 ndi bho kunyengo yathu, ma Hilux atsopano a GD6 buku limafuna wopepukirapo 75W-85. 85W-140 ali ndi malo ake, malole ndi galimoto zolemedwa tsiku ndi tsiku kotentha ngati ku Chikwawa ndi Nsanje mwezi wa October, koma zothira 140 kuti difu yolira ikhale chete ndi kubisa matenda chabe, ndipo mukamagula galimoto kwa munthu ndi bwino kukumbukira kuti ogulitsa ena amaidziwa njira imeneyi. Oyilo woyeza wa m'mabotolo a madzi m'mbali mwa msewu ine sindimulimbikitsa mu difu, simungadziwe ngati ndi GL-5 kapena ndi wokhuthulidwa mu lole nkusefedwa, chikhalirecho difu mumasintha mwa apo ndi apo, ndalama yomwe mungapulumutse ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa crown wheel.

Onaninso ngati difu yanu ndi ya LSD. Nthawi zambiri pamakhala kasitika pafupi ndi pulagi yothirira konena zimenezi, koma pa galimoto yakale kamakhala katayobuka. Amakaniko akaikweza kumbuyo konse pokonza silu ija, giya ili pa free, zunguzani tayala limodzi ndi manja, linzakelo likazungulira mobwerera ndi difu wamba, likatsata mbali yomweyo ndi LSD. LSD ili ndi timbale ta kilatchi mkati tomwe timafuna oyilo wolembedwa LS kapena LSD, mukathira wamba imayamba kugunda kapena kunjenjemera kumbuyo mukamakhota pang'onopang'ono, nde anthu nkuyamba kusintha mabushi ndi mashoko osalakwa.

Poti mumapita kumudzi, nkhani ya madzi ikukukhudzani kwambiri. Difu yotentha ikamira mu mtsinje kapena m'chithaphwi chakuya imazizira mwadzidzidzi, mpweya wa mkati umanyala nkukoka madzi kudzera pa breather kapena pa masilu. Madzi amenewo amakweza mlingo, nde mutha kutsegula pulagi nkuona akutuluka nkumati zili bwino pomwe theka ndi madzi. Yang'anani mtundu wake, akaoneka ngati tiyi wamkaka khuthulani tsiku lomwelo osadikira makilomita. Kupanda zimenezo, galimoto yogwira ntchito ngati yanuyi kusintha pa makilomita 40,000 aliwonse nkokwanira, koma kuona mlingo ndi chala kuzichitika nthawi iliyonse mukusintha oyilo wa injini, komanso dzinja likangotha cha mu April. Amene amaoloka mitsinje kawirikawiri amachotsa breather nkulumikiza kapaipi kokwera mpaka pansi pa bodi, ndi ntchito yotchipa ndipo imathandizadi.

Ngati yanu ndi 4WD musaiwale kuti muli ndi difu ina kutsogolo ndi transfer case, bokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo, pakati, zonse zili ndi mapulagi awiriawiri ndipo muyezo wake ndi womwewu wa bowo, kungoti yakutsogolo pulagi yake imafuna allen key, nthawi zambiri ya 10, ndipo muyambe mwakolokosola matope mu kabowo ka pulagiyo kuti kiyi alowe mpaka pansi apo ayi mubulungiza. Kwa ena omwe akuwerenga ali ndi ti Vitz, Passo, Sienta, Mira kapena Fit tokoka ndi matayala akutsogolo, musapite kukasaka difu kumbuyo kulibe, yanu ili mkati mwa giyabokosi ndipo imagwiritsa oyilo wa giyabokosi yemweyo, wina akakuuzani kuti athire 90 mu automatic kapena CVT thawani nayo galimoto. Koma zina mwa galimoto zazing'ono zochokera ku Japan zimabwera za 4WD chifukwa cha chipale cha kwawoko, eni ake ambiri sadziwa nkomwe, ndipo zimenezo zili ndi kadifu kumbuyo kodya cha pa hafu lita komwe kamatha zaka osatsegulidwa. Honda CR-V nde ina, kumbuyo kwake imafuna oyilo wakewake wa Honda wotchedwa Dual Pump Fluid, giya oyilo wamba amaipangitsa kubuula pokhota.

Kubwerera kwa inu achimwene, silu ndi ma shuzi zikasinthidwa oyilo wina amakhala watayika pochotsa hafu shafuti, nde galimoto ikatsitsidwa pa jeke mlingo uonedwenso matayala onse ali pansi inu mukuona. Tsukani ekiselo yonse ndi kuseri kwa matayala kuume kuti mbee, yendani nayo sabata imodzi, kenako mugwade muyang'ane kuseri kwa madilamu onse awiri, pa pinion ndi mozungulira breather. Pakakhala pouma yambani kusenza matumba anu. Pakanyowanso mbali yomwe ija pomwe breather ili yotseguka, auzeni ayeze hafu shafuti ndi chipaipi cha ekiselo ngati sizinapindike, chifukwa pikapu yomwe yakhala ikunyamula mopyola muyezo m'mabampu imatha kupinda ekiselo pang'ono moti maso sangaone, ndipo ikatero imadya silu iliyonse yomwe mungaike.